Muvi Umene Ndinakuphunzitsa Chozondoka

Lirangwe
Lachinayi masana

Zione mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi mu labu ya pasukulu pathu pano, ana ataweruka. Iwe wapita ku Mdeka kukatsanzika azakhali ako, ndipo ndikuwadziwa, sakumasula dzuwa lisanapendeke. Mawa ndege yako ikunyamuka pa Chileka. Envulopuyi ndidzakupatsa utapereka kale sutikesi, pakhomo paja pamene ife operekeza amatibweza. Ndachita dala. Ndikufuna uiwerenge uli m'mwamba, kumene sungatembenuke n'kundiyang'ana m'maso. Ukanena kuti mayi ako ndi amantha, sindikutsutsa.

Za kupemphera, za anyamata ndi za kusamala pasipoti akuuza kale anthu ambiri mpaka makutu ako atopa. Ine ndili ndi nkhani imodzi yokha. Pansi pa sutikesi yako, pakati pa zitenje, waikapo kope langa la kemisitiri, labuluu lija lachikuto cholimba. Ndinakuona Lachiwiri ukulikulunga m'jumbo kuti lisanyowe. M'kope limenelo muli bodza, Zione. Ndinalilemba ndine, ndinakuphunzitsa ndine, ndipo mawa ukulitengera ku India, kumene ukukaphunzira zopanga mankhwala amene anthu adzameza.

Bodzalo lili pamasamba aja a maalikini, pamene haidirojeni bromaidi ndi abale ake amakalowa pa bondi yapawiri ya makaboni. Ukukumbukira muvi woyamba, wokhota uja, umene tinkaujambula kuchokera pa haidirojeni kupita pa bondi? Muvi umenewo ndi wozondoka. Uyenera kuchokera pa bondi kupita kwa haidirojeni. Ndauphunzitsa chotero zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Ndinadziwa milungu itatu yapitayo. A Makwinja, mphunzitsi watsopano wa digiri uja umati amavala nsapato zosongoka ngati tsiku lililonse kuli ukwati, anapeza mapepala ako oyeserera pa desiki yanga. Anadikira kuti aphunzitsi anzathu onse atuluke, kenaka anabwera manja ali kumbuyo, mwaulemu wake.

"Madamu, pepanitu, ndingofunsako. Muvi uwu munafuna kuti uloze chonchi, kapena mwanayu wangosokoneza?"

"Mwana wanga sasokoneza," ndinatero. "Zimenezo ndamuphunzitsa ndine."

"Eeh. Nde pali kavuto pang'ono, Madamu. Muvi umatsata maelekitironi, eti? Tsono haidirojeniyu alibe oti apereke. Amene ali nawo ndi bondiyi."

Ukundidziwa ndikapsa mtima. Ndinawauza kuti ine ndinayamba kugwira choko iwo akadavala kabudula wobooka kumbuyo ku pulayimale. Anangotsegula foni n'kundionetsa tsamba la buku, kenaka la buku lina, kenaka kanema wa mayi wina akujambula pa bolodi. Mivi yonse inkachoka pa bondi. Ndinangoti, "Mabuku a masiku ano!" n'kutenga chikwama changa. Koma pofika pamsika ndinakhala pa benchi ya mayi wogulitsa tomato ngati munthu amene malungo amuyamba. Usadzachite zimene ndinachita ine, mwana wanga. Munthu akakuonetsa pamene walakwitsa, yang'ana kaye pepala. Msinkhu wake ndi nsapato zake udzaziona pambuyo.

Ndikuuze mmene bodzali linalowera m'kopemo. Sabata imene ankaphunzitsa mutu umenewu ku koleji, ine ndinali m'chipatala, ndili ndi pakati pa iwe, miyendo itatupa. Usadziimbe mlandu, iwe unkangogona. Nditatuluka ndinabwereka manotsi a mnzanga Esinati. Esinati ankakhala kumbuyo kwenikweni, maso ake anali ovuta, koma magalasi ankakana, ati amamukalambitsa. Aphunzitsi athu ankalemba mothamanga n'kufufuta ndi mkono wa jekete usanamalize n'komwe mzere. Buku la mutu umenewu mu laibulale linali limodzi, ndipo wina anali atathothola masamba omwewo. Ndiye ndinakopera za Esinati, pang'onopang'ono, ndi rula, mitu yonse ndikuidula mizere iwiri kunsi. Kope linakongola moti anzanga ena anakoperanso kwa ine. Sindinafunse munthu aliyense kuti muviwo umatanthauza chiyani. Ine ndinkauona ngati chala choloza kumene haidirojeni akupita, basi. Chenjera ndi manotsi okongola, Zione. Ukabwereka a mnzako, uwafananitse ndi buku tsiku lomwelo.

Tsopano tchera khutu ndikuuze zoona zake. Ndikulemba m'Chichewa dala, chifukwa m'Chingerezi ndimatha kulakatula ziganizo zonse osamva kanthu, ndipo ndi mmene ndakhala ndikudzinamizira.

Tenga propini, makaboni atatu, bondi yapawiri ili pakati pa woyamba ndi wachiwiri. Mwa mabondi awiriwo, imodzi ndi yolimba, yagona pakati penipeni. Inayo ndi yofookerapo, maelekitironi ake amakhala pamwamba ndi pansi, poyera, posavuta kuwafikira. Ndiye pabwere haidirojeni bromaidi. Bromini ndi wadyera, wakokera kwa iye maelekitironi amene amagawana ndi haidirojeni, moti haidirojeniyo wafika ali wosowa, ali ndi kachaji ka pulasi. Wosowa alibe chopereka. Muvi wokhota suloza kumene atomu ikupita ayi, umaonetsa kumene maelekitironi awiri achoka ndi kumene afika. Choncho muvi woyamba uyambire pakati pa bondi yapawiri n'kuthera pa haidirojeni. Wachiwiri uyambire pa bondi ya haidirojeni ndi bromini n'kuthera pa bromini, amene amachoka nawo onse awiri n'kukhala ndi chaji ya mayinasi. Bwereza pakamwa pako, ngakhale amene wakhala naye pampando akudabwe: muvi umachoka pamene pali maelekitironi.

Haidirojeni akagwira kaboni mmodzi, kaboni mnzakeyo amatsala ndi mabondi atatu okha ndi chaji ya pulasi. Ameneyo ndiye kabokatayoni, ndipo m'kope langa ndinangomujambula pakati pa mzere osadziwa kuti nkhani yonse yagona pa iye. Kumupanga ndiye sitepe yochedwa, yovuta. Lamulo lija ndinakulowezetsa pamtima, lakuti haidirojeni amapita kwa kaboni amene ali kale ndi mahaidirojeni ambiri, si matsenga ayi, lili ndi chifukwa. Haidirojeni akapita kwa kaboni wakumapeto, pulasi imagwera kaboni wapakati, amene ali ndi makaboni awiri oyandikana naye omukankhirako maelekitironi pang'ono. Akapita pakati, pulasi imagwera wakumapeto, amene mnansi wake ndi mmodzi yekha. Zili ngati kukweza thumba la chimanga pa njinga: okugwirira akakhala awiri limakwera msanga kuposa akakhala mmodzi. Njira yosavutayo ndi imene zinthu zimadzera. Zikatero bromini uja amabwerera ndi maelekitironi ake, muvi kuchoka pa iye kupita pa kaboni wa pulasi, ndipo izi sizichedwa n'komwe. Bromini wakhala pakati.

Mwina ukudzifunsa kuti zaka zonsezi sindinagwidwe bwanji. Ndi pamenepo pamene pakundiopsa. Ndi muvi wanga wozondoka womwewo, yankho lomaliza limatuluka lolondola, bromini amakhalabe pakati. Pa mayeso a Fomu 4 safunsa za mivi, amangofuna dzina la chinthu chotulukacho. Ndiye ana anga ankakhoza, makolo n'kumandiimitsa pamsewu kundithokoza, ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Mivi ndinkaonetsa ana okhawo anzeru kwambiri, amene ndinkaona kuti apita patali. Ndinkawaitanira mu labu muno Lachisanu masana, ndikuti ndikuwapatsa kamba wa paulendo. Sindikudziwa ndi angati anakachita nayo manyazi ku koleji. Palibe amene anabwera kudzandiuza, ndipo sindikuwaimba mlandu, akanayambira pati ndi mayi wolusa ngati ine? Yankho lolondola lisakugoneke tulo, Zione. Uziyang'ananso njira imene wadzera.

Mpata wozindikira ndinali nawo ndili ku koleji, ndipo ndinautaya. Pa mayeso omaliza a dipuloma panabwera alikini ya makaboni anayi mumzere, bondi yapawiri ili kumayambiriro, kaboni wachisanu atapachikika pa wachitatu, kuti tiiphatikize ndi haidirojeni kuloraidi. Ine ndinatsata lamulo langa loloweza, ndinaika kulorini pa kaboni wachiwiri, n'kutuluka m'holo ndikumwetulira. Pepala linabwera ndi theka la malikisi ndi kafunso pambali: chinacho chili kuti? Chimene chimachitika n'chakuti pulasi ikagwera kaboni wachiwiri, haidirojeni wa pa kaboni wachitatu amatha kusamuka pamodzi ndi maelekitironi ake awiri kudzatseka pamenepo, pulasi n'kusamukira pa wachitatu, amene ali ndi anansi atatu. Ndiye kulorini wina amakathera pa wachitatu, wina pa wachiwiri, zinthu ziwiri m'botolo limodzi. Munthu wotsata maelekitironi amaziona zimenezi zikubwera. Woloweza lamulo ngati ine saona kanthu. Kodi ndinapita kukafunsa? Ayi ndithu. Ndinauza bambo ako kuti mphunzitsi amene anachonga pepalalo amadana ndi azimayi apabanja, ndipo bambo ako pondikonda anakhulupirira, mpaka lero akamva dzina lake amatsonya. Munthu wosalakwa ndamusenzetsa mlandu zaka zonsezi.

Ngakhale mphuno yangayi, imene mumaseka kuti siimva ndiwo zikamapserera, ndi nkhani yomweyo. Tsiku la pulakitiko ndinachita manyazi kufunsa kuti kabati yokoka utsi amayatsa bwanji, ndiye ndinatsegulira patebulo botolo la asidi wamphamvu wa haidirojeni kuloraidi, nkhope ili pamwamba pake. Utsi woyera unandilowa mpaka m'chifuwa, ndinatsokomola masiku atatu. Asidi amenewa safuna mphuno, safuna maso opanda magalasi. Ukapanda kudziwa batani, funsa. Chaka chilichonse ndimauza ana a Fomu 1 kuti safunsa anadya phula, osadziwa kuti wodya phula wamkulu pasukulu pano ndi amene waima kutsogolo kwawo.

Koma zonsezi n'zazing'ono. Chimene chandiletsa kudya milungu itatuyi ndi ichi. Chaka chatha, ukudikira kuti akuyankhe za sikolashipu, tinali pakhonde tikusenda nandolo, kope lili pampando pakati pathu. Unasiya kusenda n'kunena kuti:

"Amayi, ndifunse? Mesa munati bromini wamulanda haidirojeni maelekitironi? Nde muvi ukuchoka pa haidirojeniwu wanyamula chani? Ine ndimaona ngati ukanachokera apa."

Unaloza pa bondi yapawiri ndi chala chakuda ndi utomoni wa makoko. Unalondola, Zione. Wekha, popanda buku, popanda foni, unaona chimene ine ndinalephera kuona moyo wanga wonse wa uphunzitsi. Ndipo ine ndinati chiyani? Ndinati, "Pakati pa iwe ndi ine, mphunzitsi ndani?" Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anali ataima pomwepo, atabwera kudzabwereka sefa, ndipo sindinafune kuoneka wogonja pamaso pake. Ndinakulamula kuti ujambule muvi wangawo kakhumi. Unajambula, n'kundibweretsera ndi manja awiri kuti ndione.

Kuyambira tsiku limenelo sunandifunsenso funso la kemisitiri. Ine ndinkati mwana wakhwima, wayamba kumva. Tsopano ndikudziwa kuti ndinakutseka pakamwa. Agogo ako aamuna, bambo anga, anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ndiponso mkulu wa mpingo, ndipo m'nyumba mwathu munthu sankanena kuti bambo mwalakwitsa, ngakhale ayambitse nyimbo ina m'malo mwa ina, tonse tinkangotsatira. Ndinalumbira ndili mtsikana kuti sindidzatengera. Ndatengera zonse, ndi tsinya lomwe. Pepa, mwana wanga. Ndinakulakwira, ndipo chifukwa chake chinali kunyada, palibe china.

Mantha anga ndi awa. Dzanja lako linazolowera muvi wakale, ndinalizoloweretsa ndine, ndipo tsiku lina likhoza kukutsogolera uli pa bolodi pamaso pa anthu a mayiko ena. Wina adzaseka, udzachita manyazi, ndipo udzabwerera kuchipinda kopanda woti ukamulirire. Zimenezo zikundipweteka, koma manyazi sapha munthu. Chimene chikundinjenjemeretsa n'chakuti tsiku lina mutu wako udzakuuzanso kuti apa pali polakwika, iwe n'kukhala chete chifukwa wolankhulayo ndi wamkulu, wavala gawuni yoyera, dzina lake lili pachitseko. Ntchito imene ukukaphunzirayi si ya Fomu 4. Atomu imodzi ikakhala pa kaboni wolakwika, chotulukacho ndi chinthu china, ndipo chikhoza kukathera m'kamwa mwa mwana wa munthu. Ndikuopa kuti tsiku limenelo udzamva mawu anga a pakhonde aja, n'kungojambula zimene wauzidwa. Usatero, Zione. Ulemu upereke wonse, ugwade ngati n'kofunika, koma funso lako ulifunse. Akakukalipira, ulifunsenso mawa lake. Ngati wolakwa uli iwe, udzadziwa chifukwa chake, ndipo sudzataya kanthu.

Ndinayesa kukuuza pakamwa katatu. Lamlungu tikuchokera ku tchalitchi ndinayamba bwino, "Zione, kope lija," iwe n'kuti, "Musadandaule amayi, ndikalisamala ngati diso," ndipo ndinangosiyira pomwepo. Dzulo ndinauza bambo ako akutsuka takisi yawo, asanapite ku eyapoti kukadikira makasitomala.

"Nde vuto ndi chani?" anatero. "Mungolisolola kopelo musutikesimo, mwana sadziwa. Kamuvi komweko mpaka kuonda nako?"

"Kopelo ndingasolole," ndinatero. "Nanga za m'mutu mwake ndisolola bwanji?"

Anafinya chisanza nthawi yaitali, madzi atatha kale. Kenaka anati, "Muuzeni basi. Koma osati pa eyapoti paja, mungandililitse pamaso pa anzanga. Anyamata aja sakhululuka."

Ndiye kopelo ndalisiya momwemo. Usalitaye, koma usalikhulupirirenso ngati kale. Ukafika, tsegula masamba a maalikini udule mivi yonse yoyamba, ujambule yoona pambali. Masamba enawo ndikuganiza kuti ali bwino, koma sindikulonjeza, chifukwa ndinkaganizanso chimodzimodzi za awa. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Anga agonera zaka zambiri, ndipo ena asasa. Uziwalawa kaye. Pali chinanso chimene a Makwinja anatchula, chakuti m'botolo mukakhala mankhwala otchedwa peroksaidi, haidirojeni bromaidi amalowa mosemphana, bromini n'kukakhala kumapeto, chifukwa njira yake imakhala ina. Chimenecho sindinachimvetse, choncho sindikuphunzitsa. Ukafunse kumeneko, ukamvetsa udzandifotokozere.

Lolemba ndikapepesa kwa a Makwinja, ndipo Lachisanu la sabata yamawa ndidzaima pamaso pa ana anga anzeru aja n'kuwauza kuti afufute. Zimenezo n'zovuta, koma n'zopepuka poyerekeza ndi mawa. Mawa ndidzakukumbatira ndikudziwa kuti ukundiona komaliza ngati mayi amene salakwitsa, ndipo sindikudziwa kuti potsika ndegeyo udzakhala ukundiona bwanji. Ukakwiya, kwiya, ukuyenera. Koma undiimbire ndithu, ngakhale kungonena kuti wafika.

Kuseri kwa tsamba lomalizali ndajambula funso limodzi limene mulibe m'kope langa: alikini ya mkombero, makaboni asanu ndi mmodzi, wina atapachikika pa bondi yapawiri pomwepo, ikukumana ndi haidirojeni ayodaidi. Ndatsata maelekitironi sitepe ndi sitepe, koyamba m'moyo wanga. Sindinaonetse munthu. Ndafufuta kawiri, ndipo kunena zoona sindikudziwa ngati ndakhoza. Usalichonge m'ndegemo pondimvera chisoni. Dikira uphunzire mutuwu kwa anthu oudziwa, ufunse mafunso ako onse mpaka atope nawe, kenaka ukhale pansi ndi pepala langali. Pamene ndalakwitsa udule mtanda waukulu, ulembe chifukwa chake pambali, ujambule pafoni unditumizire. Chimene chikutukumula envulopu pakonapo ndi cholembera changa chofiira. Chatsala ndi inki yokwanira.

Ndine mayi ako,
amene ndikudikira malikisi anga.